CHIMWEMWE CHA KHRISIMASI CHISATHE NDI MPUNGA

Pa 25 Disembala mabanja ambiri adzaphika mpunga, adzapha nkhuku kapena mbuzi, ndipo ana adzavala zatsopano. Ife sitikutsutsa zimenezi. Koma tonse tikudziwa kuti Januwale akamafika miphika imakhala itazizira, ndipo ena amazindikira mochedwa kuti ndalama za feteleza adamwera mowa, chimanga chikufiira m'munda.

Nanga chimwemwe chokhalitsa tingachipeze kuti? Luka, m'mutu 2 wa Uthenga Wabwino, akutiuza kuti Yesu adabadwira ku Betelehemu panthawi ya kalembera wa Kaisara Augusto. Adamugoneka modyera ziweto chifukwa kunyumba ya alendo kudalibe malo. Oyamba kumva uthengawo adali abusa ochezera usiku kubusa ndi nkhosa zawo. Sadaitanidwe kuphwando lililonse, komabe adabwerera akulemekeza Mulungu.

Tikuona tsono kuti gwero la chimwemwe chimenechi ndi Mulungu amene adadzichepetsa kudzakhala pakati pa anthu wamba. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma, anthu amaonera kwa ife. Tiyambe ndife kukumbukira amasiye, okalamba ndi odwala, ndi kuyanjana ndi amene tidakangana nawo. Paja akuluakulu adati kupatsa n'kuika.