Analibe Miyendo, Koma Anauluka

M'caka ca 1931 Douglas Bader, mnyamata wa ku England, anagwa ndi ndeke nadulidwa miyendo yonse iwiri. Ambiri anayesa kuti zouluka zathera pomwepo. Koma iye, atavala miyendo yocita kupanga, anaulutsanso ndeke pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse.

Bader anamwalira mu 1982. Pomukumbukira, anzake anakhazikitsa bungwe la Flying Scholarships for Disabled People mu 1983. Bungweli limalipirira olemala maphunziro a kaulutsidwe ka ndeke. Amene miyendo yao ilibe mphamvu amakhotetsa ndeke ndi cogwirira ca m'manja m'malo mopondera ndi mapazi.

Nanga ife makolo, tibisiranji mwana wolemala m'nyumba? Cimene iye asowa si cisoni cathu ai, koma mpata.