Kodi Mudzakhala Kuti Mukadzakula?

Ana inu amene munafikako ku Lilongwe munamvapo oitanira minibasi akukuwa mu depoti kuti, "25! 25! 49 apa!" Mlendo amadabwa, poti kwawo malo amakhala ndi mayina. Nanga mu Lilongwe muno bwanji anthu amakhala ku manambala? Ndipo n'chifukwa chiyani Area 18 ili pafupi ndi Area 47? Manambalawa sanagwe kumwamba. Analembedwa ndi anthu amene anakhala pansi ndi mapu, n'kumaganizira za nyumba za anthu amene panthawiyo anali asanabadwe. Ankapereka nambala malinga ndi nthawi imene dera lakonzedwa, osati malinga ndi pamene lili, n'chifukwa chake manambala amalumphalumpha.

Agogo anu ali ana, likulu la dziko lino linali ku Zomba. Lilongwe inali tauni yaing'ono ya malonda m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kumene lero timati ku Old Town. Pa kalembera wa 1966 munapezeka anthu pafupifupi 19,000 okha. Anthu onsewo mukanawatenga n'kuwalowetsa mu Bingu National Stadium, momwe mumakwana anthu pafupifupi 41,000, sakanadzaza ngakhale theka la mipando.

Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda litaganiza zosamutsira likulu m'chigawo chapakati, linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968 kuti limange mzinda watsopano. Akatswiri ojambula mapulani anachokera ku South Africa, komwenso kunachokera ngongole yoyambira ntchitoyo. Iwowa anagawa malo: maofesi a boma ku Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, nyumba zikuluzikulu uku, nyumba zing'onozing'ono uko, ndipo pakati pa madera anasiyapo mitengo ndi madambo kuti mzinda uzipuma. Likulu linasamuka mu 1975.

Panalinso nzeru ina imene ine ndimaikonda kwambiri. Okonza mzinda ankadziwa kuti si aliyense angathe kugula nyumba yomangamanga. Tsono m'madera monga Kawale, Chilinde ndi Area 25 anayeza mapuloti, analambula misewu, anasiya malo a sukulu ndi msika, n'kuuza anthu kuti amange okha pang'onopang'ono ndi zipangizo zimene angakwanitse. Munthu ankayamba ndi zipinda ziwiri za zidina, chaka chamawa n'kuwonjezera chachitatu. Nyumbayo ikhale yosauka bwanji, inali ndi msewu pakhomo pake, ndipo mwini wake ankagona tulo podziwa kuti palibe adzamuthamangitse.

Koma walira mvula walira matope. Likulu litabwera, anthu nawo anabwera: ofuna ntchito, ofuna sukulu, ofuna chipatala, ogulitsa zinthu, ndi ana obadwira mumzinda momwemo. Mu 1977 anthu anali atafika pafupifupi 99,000. Mu 1987 anapitirira 220,000, mu 1998 anapitirira 440,000, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318. Anthu amenewa akanadzaza bwalo la Bingu lija ka 24!

Tengani pensulo tiwerengere limodzi, poti apa ndiye pali mutu wa nkhani. Pakati pa 2008 ndi 2018, anthu a mu Lilongwe anawonjezeka ndi oposa 300,000. Gawani ndi zaka 10, mupeza anthu 30,000 pa chaka. Tiyerekeze kuti nyumba iliyonse mukhale anthu asanu. Ndiye kuti pafunika nyumba zatsopano 6,000 chaka chilichonse, kapena kuti nyumba 16 tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, Khirisimasi yomwe. Ndipo nyumba iliyonse ikufuna madzi, chimbudzi, msewu, kotaya zinyalala, ndi desiki kusukulu ya mwana wa m'nyumbamo.

Ntchito yoganizira zonsezi nthawi isanakwane ndi ya khonsolo. Khonsolo ya mzinda imapangidwa ndi makhansala, amene makolo anu amawasankha pa chisankho, mmodzi m'wodi iliyonse, ndipo makhansalawo amasankha mfumu ya mzinda pakati pawo. Pambali pa iwowa pali antchito olembedwa: ojambula mapulani, oyeza malo, mainjiniya ndi azaumoyo. Ojambula mapulaniwo ali ngati mayi wogula yunifolomu ya mwana wa Sitandade 1. Sagula yothina, amagula yokulirapo, chifukwa akudziwa kuti pofika chaka chamawa mwanayo adzakhala atatalika. Akamajambula msewu lero, amafunsa kuti pakatha zaka 20 mudzadutsa magalimoto angati. Akamaika paipi ya madzi, amawerengera ndi mabanja amene sanafike.

Amayamba n'kuwerenga. Kalembera amawauza kuchuluka kwa anthu ndi kumene akuchulukira. Kenako amayang'ana nthaka: apa ndi pokwera, apa ndi dambo, apa madzi amasefukira, apa pali manda. Akatero amapaka mapu mitundu yosiyanasiyana, wina wa nyumba, wina wa masitolo, wina wa mafakitale, wina wa malo osayenera kumangidwa n'komwe. Oyeza malo amapita kukazika timiyala ta simenti m'makona a puloti iliyonse, timene timatchedwa mabikoni. Mukadzaona kamwala kotere pakona ya mpanda wa kwanu, musadzakazule, ndi umboni wa malire. Ndipo munthu asanamange mumzinda, lamulo limati apereke pulani ya nyumba yake kukhonsolo kuti ivomerezedwe.

Dongosolo labwino n'lakuti msewu, ngalande ndi mipope zifike kaye, nyumba zibwere pambuyo. Mu Lilongwe, m'madera ambiri zinachitika mozondoka. Mapuloti oyezedwa anachepa, anthu anachuluka, ndipo munthu sangagone panja kudikira kuti dzina lake lifikidwe pa mndandanda. Anthu anapita kwa mafumu ndi kwa eni minda m'mphepete mwa mzinda n'kugula malo. Umu ndi mmene anakulira madera monga Mtandire, Chinsapo, Mgona ndi Kauma. Lero anthu oposa theka a mumzinda wa Lilongwe amakhala m'madera amene anamangidwa popanda pulani.

Apa ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa ena mwa inu mukuwerenga tsamba lino muli ku Mtandire kapena ku Chinsapo komweko. Kukhala kumeneko si mlandu, ndipo si chinthu chochititsa manyazi. Anthu a m'maderawa ndi amene amamanga nyumba za mzinda wonse, kuulondera usiku, kuuphikira ndi kuugulitsa ndiwo. Anadzipezera okha pogona pamene mzinda unachedwa kuwakonzera. Koma mavuto ake ndi enieni. Nyumba zikathithikana popanda msewu, ambulansi kapena galimoto yozimitsa moto imalephera kulowa. Amayi ndi atsikana amalawirira kukaima pamzere pa kiyosiki kugula madzi a m'ndowa. Chimbudzi chikakumbidwa pafupi ndi chitsime, matenda amayenda pansi pa nthaka osaoneka. Ena mukukumbukira kuti mu January 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Ndipo kulowetsa paipi kapena msewu pamalo pamene anthu anamanga kale kumadya ndalama zambiri kuposa kuziika patchire, chifukwa pamafunika kugwetsa nyumba zina ndi kulipira eni ake.

Choopsa kwambiri ndi kumanga pamalo pamene madzi amadutsa. Mu 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kuononga nyumba ku Mtandire. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala paphiri la Soche ku Blantyre, ndipo ku Chilobwe kunafa anthu ambiri, ana omwe. Mtundu uja wa pamapu wonena kuti "pano pasamangidwe" umapulumutsa miyoyo. Koma kuletsa kokha sikukwanira. Ukamuletsa munthu kumanga m'mbali mwa mtsinje, umuonetsenso malo ena amene angakwanitse kugula, ndiponso osatalikira kwambiri kumene amapezera chakudya. Kupanda kutero adzabwerera kumtsinje komweko.

Chinanso chimene chimavutitsa khonsolo n'chakuti malo a mumzinda si ake onse. Ena ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, ena ndi a Malawi Housing Corporation, kampani ya boma yomanga nyumba imene inayamba mu 1964, ena ndi a anthu wamba. Madzi amabwera ndi Lilongwe Water Board kuchokera ku madamu a Kamuzu pa mtsinje wa Lilongwe, umene umayambira ku nkhalango ya Dzalanyama. Magetsi ndi a ESCOM. Kuti dera limodzi latsopano likhale bwino, onsewa ayenera kumvana ndi kufika pa nthawi yake. Komanso kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, kotero kwa zaka zonsezo anthu analibe munthu wosankhidwa ndi iwo woti akawayankhulire kukhonsolo, pamene mzinda unali kukula tsiku ndi tsiku.

Mu 2010 khonsolo ya Lilongwe, mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, inamaliza pulani yatsopano yoyang'ana mpaka chaka cha 2030. Werengerani nokha kuti mu 2030 mudzakhala ndi zaka zingati. Masomphenya a dziko lonse otchedwa Malawi 2063 nawo akuti tikuze matauni ena monga Karonga, Kasungu, Salima, Mangochi, Liwonde ndi Luchenza, kuti anthu asamangothamangira ku Lilongwe ndi Blantyre. Maganizowa ndi abwino. Komabe pulani imafuna ndalama, ndipo ndalama zambiri za khonsolo ya mzinda zimachokera ku msonkho umene eni nyumba amapereka, ziphaso za malonda ndi matikiti a mumsika. Zikapanda kutoleredwa bwino ndi kusamalidwa mokhulupirika, msewu umangokhala mzere papepala.

Anthu osauka nawo anaonetsa kuti sangodikira. Kuyambira mu 2003, magulu a anthu opanda nyumba zawozawo, ambiri mwa iwo amayi, anayamba kusonkha tindalama pang'onopang'ono mothandizidwa ndi bungwe la CCODE. Anapita kwa akuluakulu a mzinda wa Lilongwe kukapempha malo, ndipo anapatsidwa mapuloti ku Area 49. Anaumba okha zidina, n'kumanga nyumba zazing'ono pothandizana. Ku Blantyre zoterezi zinachitikanso ku Angelo Goveya. Nyumbazo n'zochepa poyerekeza ndi 6,000 zija za pa chaka, koma kwa ine zikusonyeza njira: khonsolo ipereke malo oyezedwa ndi msewu, anthu adzamanga.

Tsono inu muli ndi ntchito sabata ino. Tengani pepala mujambule mapu a dera lanu. Ikanipo nyumba yanu, sukulu, potunga madzi, msika ndi chipatala chapafupi. Onetsani kumene madzi a mvula amathamangira, ndi pamene galimoto singathe kudutsa. Kenako funsani agogo kapena munthu wamkulu amene wakhalitsa kumeneko kuti pamalopo panali chiyani zaka 20 zapitazo, ndipo funsani makolo anu dzina la khansala wa wodi yanu. Mapuwo mukawaonetse aphunzitsi, ndipo muwapemphe kuti tsiku lina adzaitane khansalayo kusukulu kuti adzakuuzeni kumene khonsolo yakonza kuti inu mudzamange nyumba zanu.