Kuokera Anyezi ndi Kusunga Otsala

M'madimba a ku Petauke ndi ku Nyimba anyezi ambiri akhwima pa nthawi imodzi, m'miyezi ya Ogasiti ndi Sepitembala. Pamenepo banja silingathe kudya onse, ndipo pa misika ya m'mbali mwa mseu wa Great East mtengo ugwa cifukwa ali yense ali nao. Koma pofika Januwale ndi Febuluwale, mvula iri pakati, anyezi asowa, ndipo mai amene anataya dengu lathunthu la oola agula kamulu ka atatu ndi ndalama zambiri. Kusowa kumeneku ndiko kuitana amalonda kukatenga anyezi ku Tanzania ndi ku South Africa, malonda amene Boma linayamba laimitsa m'caka ca 2021 pofuna kucinjiriza alimi a m'dziko lino.

Nchito yosunga iyambira pa mbeu. Texas Grano abereka anyezi akulu ndi okoma, koma ali ndi madzi ambiri, sakhalitsa. Red Creole ndi ofiira, ocepa ndi olimba, ndipo akhala miyezi ingapo. Wofuna kusunga abzale ofiirawo.

Mbeu ifesedwa pa nazale m'Marichi kapena m'Epulo, mvula ikamatha. Patapita masabata 6 kufikira 8, mbande zikafika msinkhu wa masentimita 15 ndi kunenepa ngati pensulo, ziokeredwa. Mlimi athirire nazale poyamba kuti mizu isaduke pozula, ndipo aokere madzulo, dzuwa litapepa. Ici ncofunika koposa ku Nyimba ndi ku midzi yotsikira ku cigwa ca Luangwa, kumene kutentha kuposa kumtunda kwa Petauke. Mizere italikirane masentimita 30, ndi mbande masentimita 10, ndiko kuti zala zisanu za munthu wamkulu.

Ambiri alakwa pa kuya kwa dzenje. Mbande iyenera kulowa pang'ono cabe, masentimita awiri kapena atatu, kungobisa mizu ndi tsinde loyera. Yokwiriridwa kwambiri ibereka anyezi wamtali wa khosi lonenepa, ndipo khosi lotere siliuma msanga; ndimo mulowera kuola. Cimodzi-modzi feteleza wa pamwamba wothiridwa mocedwa, anyezi atayamba kale kutupa: masamba abiriwira mokondweretsa maso a odutsa, koma zokolola zace sizifika Khirisimasi. Manyowa a m'khola akhale oolerana bwino, ndipo asakanizidwe ndi dothi asanaokere.

Masamba akayamba kugwa okha, kuthirira kuleke. Pamene theka la bedi lagona, patatha masabata awiri opanda madzi, anyezi azulidwe ndi manja, osawaponya, pakuti bala laling'ono lomwe liolesa. Ena aponda masamba kuti agwe msanga. Kutero kungobvulaza khosi.

Atazulidwa ayanikidwe pa thandala, pa mthunzi popita mphepo, kwa masabata awiri. Dzuwa la Okutobala liwapsereza akasiyidwa pa mtetete. Auma pamene khosi lafota ndi makoko a kunja alira akakhudzidwa. Apo mwini asankhe. Olimba ndi a khosi lowonda amangidwe m'mitolo ndi masamba ao omwe, napacikidwe ku denga la khonde kapena la nyumba yophikira, kutali ndi nthunzi ya miphika. M'thumba la feteleza kapena pa dothi acita thukuta naola. Kamodzi pa sabata mitolo iyang'anidwe, ndipo wofewa kapena wophuka acotsedwe asanaononge anzace.

A khosi lonenepa, obvulala ndi amene anaturutsa maluwa adyedwe poyamba. Akacuruka, amai awadule mopyapyala ndi kuwayanika pa mphasa yoyera monga acitira ndi mfutso, mpaka athyoke m'manja. Ouma otere aikidwe m'botolo kapena m'citini cotseka bwino, ndipo kadzanja kamodzi kakwanira mphika wa nyemba m'nyengo ya dzinja.