Ulendo wa Vienna, Bratislava ndi Budapest

Ulendo wa Vienna, Bratislava ndi Budapest ndi njira imene alendo ambiri amatsata akafuna kuona malikulu atatu a mayiko a pakati pa Ulaya pa ulendo umodzi. Vienna ndi likulu la Austria, Bratislava ndi la Slovakia, ndipo Budapest ndi la Hungary. Mizinda itatuyi ili m'mbali mwa mtsinje wa Danube, umene ndi wautali makilomita pafupifupi 2,850. Mtunda wa pakati pa Vienna ndi Bratislava ndi makilomita pafupifupi 60, ofanana ndi wochoka ku Blantyre kupita ku Zomba. Kuyandikanaku kumachititsa kuti ulendowu uzioneka wosavuta, koma mizindayi ili m'mayiko atatu osiyana zilankhulo, makampani a sitima ndi malamulo a pamsewu, ndipo masiku amene mlendo wapereka ku mzinda uliwonse ndi amene amasankha ngakhale ofesi yokapemphako viza.

Mbiri

Mizindayi inakhala pansi pa mafumu a banja la Habsburg kwa zaka mazana angapo. Asilikali a ufumu wa Ottoman atalanda chigawo chachikulu cha Hungary, mzinda wa Bratislava, umene kale unkatchedwa Pressburg m'Chijeremani ndi Pozsony m'Chihangare, unakhala likulu la Hungary kuyambira mu 1536 mpaka 1783. Mafumu a Hungary ankavekedwa ufumu m'tchalitchi cha St Martin mumzindawu kuyambira 1563 mpaka 1830. Budapest inapangidwa mu 1873 pophatikiza Buda, Pest ndi Óbuda, pa nthawi ya ufumu wa Austria-Hungary umene unatha mu 1918. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, malire otchingidwa ndi waya analekanitsa Vienna ndi mizinda inayo mpaka 1989. Slovakia inakhala dziko loima palokha pa 1 Januwale 1993.

Viza ndi malire

Mayiko onse atatu ali m'dera la Schengen. Slovakia ndi Hungary analowamo pa 21 Disembala 2007, Austria italowa kale. Viza imodzi ya Schengen imakwanira ulendo wonse, ndipo imalola munthu kukhala m'derali masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse. Nzika za Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe zimafunika vizayi. Amene amakhala ku Britain ndi chilolezo chokhalira kumeneko amafunikanso viza ngati pasipoti yawo ili ya mayiko amenewa, chifukwa Britain siili mu Schengen.

Lamulo limene limasokoneza ambiri ndi lonena za kumene viza imapemphedwa. Munthu amapempha ku dziko limene ndi cholinga chachikulu cha ulendo wake, ndipo kwa wongokaona malo, limeneli ndi dziko limene akakhaleko masiku ambiri. Amene akagone masiku awiri ku Vienna, tsiku limodzi ku Bratislava ndi masiku anayi ku Budapest ayenera kupempha viza ya Hungary, ngakhale ndege yake ikatera ku Vienna. Dziko loyamba kufikako limawerengedwa pokhapokha ngati masiku ali ofanana. Choncho ndondomeko ya masiku iyenera kutha viza isanapemphedwe. Mayiko ena a Schengen alibe kazembe m'dziko la wopempha, ndipo amaimiridwa ndi dziko lina la Schengen kapena ofesi yawo ya m'dziko loyandikana nalo.

Kuyambira mu Juni 2024 munthu wamkulu amalipira mayuro 90, ndipo amafunika inshuwalansi ya zachipatala yofika mayuro 30,000. Pempho limalandiridwa kuyambira miyezi 6 ulendo usanachitike, ndipo siliyenera kuchedwa kufika masiku osakwana 15. Ngakhale m'malire mulibe zipata zokhazikika, Austria imaika apolisi m'malire ake nthawi ndi nthawi, motero pasipoti iyenera kukhala pafupi osati pansi pa sutikesi.

Mayendedwe

Mizindayi inakhala ngati mafuwa atatu, ndipo dongosolo losabwerera m'mbuyo ndi loyambira ku Vienna, kudzera ku Bratislava, n'kukathera ku Budapest, kapena kuyambira mbali inayo. Tikiti ya ndege yofikira mumzinda wina n'kunyamukira mumzinda wina imapulumutsa tsiku lobwerera. Bwalo la ndege la Vienna lili ku Schwechat, mbali ya kum'mawa, ndipo pali mabasi ochoka pabwalopo kupita ku Bratislava osalowa mu Vienna.

Sitima yapamtunda yochoka pa Wien Hauptbahnhof imafika ku Bratislava mu ola limodzi. Njanji zilipo ziwiri: yodzera ku Marchegg imathera pa siteshoni yaikulu ya Bratislava hlavná stanica, pamene yodzera ku Kittsee imathera pa Petržalka, tsidya lina la mtsinje. Ku Budapest nakonso kuli masiteshoni angapo. Sitima za Railjet zochoka ku Vienna zimayenda maola awiri ndi mphindi pafupifupi 40 ndipo zimafikira pa Keleti, koma zochoka ku Bratislava, zimene zimayenda maola awiri ndi theka, nthawi zambiri zimafikira pa Nyugati. Dzina la mzinda lokha pa tikiti silokwanira; dzina la siteshoni ndi limene limauza munthu kumene adzatsikire.

Kampani ya njanji ya Austria ndi ÖBB, ya Slovakia ndi ZSSK, ya Hungary ndi MÁV, ndipo RegioJet ndi FlixBus amapikisana nawo pa mitengo. Matikiti otsika mtengo ogulidwa msanga pa intaneti, monga a Sparschiene a ÖBB, amamangidwa ku sitima imodzi: ikaphonyeka, tikitiyo yatha ntchito. Pali chiphaso cha Eurail cha anthu okhala kunja kwa Ulaya, koma pa maulendo awiri kapena atatu afupiafupi ngati awa nthawi zambiri sichibweza mtengo wake.

Pakati pa Vienna ndi Bratislava pamayendanso boti lothamanga lotchedwa Twin City Liner, limene linayamba mu 2006. Limanyamukira pa Schwedenplatz pakati pa Vienna ndipo limatenga mphindi pafupifupi 75 potsika ndi madzi, pobwerera limachedwerako. Ndi lokwera mtengo kuposa sitima, ndipo limayenda makamaka m'miyezi yofunda. Galimoto yobwereka imapindulitsa pang'ono pa ulendowu, chifukwa dziko lililonse lili ndi msonkho wakewake wa misewu ikuluikulu, ndipo malo oimikapo galimoto m'kati mwa mizinda ndi osowa.

Kugawa masiku

Mizindayi si yofanana kukula. Vienna ili ndi anthu pafupifupi 2 miliyoni, Budapest pafupifupi 1.7 miliyoni, pamene Bratislava siifika theka la miliyoni. Mzinda wakale wa Bratislava, nyumba yachifumu ya paphiri ndi tchalitchi cha St Martin zimayendeka wapansi tsiku limodzi, n'chifukwa chake ambiri amangopitako m'mawa n'kubwerera ku Vienna madzulo. Vienna ndi Budapest zimafuna masiku atatu uliwonse: nyumba yachifumu ya Schönbrunn yokha imadya theka la tsiku, chimodzimodzinso maiwe a madzi otentha a Széchenyi ku Budapest. Tsiku losamuka limakhala ndi kutuluka m'hotelo, kunyamula katundu ndi kudikira chipinda chatsopano, ndiye siliyenera kuwerengedwa ngati tsiku lathunthu loona malo.

Masiku a pamlungu nawonso ali ndi gawo. Nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale zimatsekedwa Lolemba, ndipo ku Austria masitolo ambiri satsegula Lamlungu, kupatula a m'masiteshoni akuluakulu ndi pabwalo la ndege. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti kumatentha ndipo alendo amachuluka. Mu Disembala kumazizira kwambiri, dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana, koma misika ya Khirisimasi imakopa anthu ambiri.

Ndalama

Austria ndi Slovakia amagwiritsa ntchito yuro, imene Slovakia inayamba mu 2009. Hungary ili mu mgwirizano wa European Union koma ili ndi ndalama yakeyake, forint. Malo ena ku Budapest amalandira yuro, koma pa mtengo wosinthira woipa. Makina otapirako ndalama kapena olipirira ndi khadi akafunsa ngati asinthiretu mtengo kukhala m'ndalama ya kwawo kwa mwini khadi, kulipira mu forint ndi kumene nthawi zambiri kumatsika mtengo. Amene amawonjezera Prague pa ulendowu, maola anayi pa sitima kuchoka ku Vienna, amakumana ndi ndalama yachitatu, koruna ya Czech Republic. Belgrade, likulu lachinayi la m'mbali mwa Danube, ili ku Serbia, kunja kwa Schengen, ndipo amene akufuna kupitako n'kubwereranso ku Hungary amafunika viza yolola kulowa mu Schengen koposa kamodzi.