Luso Lilipo ku Kalingalinga, Koma Adzayang'anira Nchito Ndani?

Munthu woyenda mu mseu wa Alick Nkhata, m'mphepete mwa komboni ya Kalingalinga mu Lusaka, amaona mageti, mafelemu a zitseko ndi mazenera, mabedi ndi mipando zitandandalikidwa kudikira ogula. Kuseri kwa katunduyo kuli amisiri owocherera zitsulo ndi akalipentala, ndipo pafupifupi mmisiri aliyense ali ndi mnyamata mmodzi kapena awiri amene akuphunzira nchito.

Maphunziro ao alibe bolodi kapena coko. Mnyamata amayamba ndi kusesa ndi kunyamula zitsulo. Pambuyo pace amaloledwa kupima, kudula ndi kupaka penti, ndipo mmisiri akakhutira naye amampatsa makina owocherera. Malipiro ace nthawi zambiri ndi ya nsima ndi ya sopo basi. Njira imeneyi yatulutsa amisiri abwino ndithu, ndipo palibe cifukwa coinyozera.

Koma pali mbali ina ya nchito imene mnyamatayo saiona. Ndani amawerengera zitsulo zofunika pa geti limodzi, kuti zodukaduka zisaculuke? Ndani amaika mtengo, atawerengera magetsi, penti, galimoto yonyamula katundu ndi malipiro a anchito? Ndalama imene wogula wapereka poyamba, ndani amaisunga kuti isathere ku zosowa za panyumba geti lisanapangidwe? Zonsezi mwini malo amacita yekha, kawirikawiri m'mutu mwace, ndipo sakonda kuziulula poopa kuti wophunzira adzamlanda makasitomala. Motero mnyamata amacoka ali ndi manja aluso, natsegula malo ace, koma posakhalitsa amapezeka ali ndi ngongole ndi ogula okwiya. M'makampani akuluakulu nchito yomweyi ndi ya kapitao kapena manijala woyang'anira kayendedwe ka nchito, ndipo imalemekezedwa koposa.

Vuto la kusowa oyang'anira nchito si lacilendo m'Zambia. Pamene dziko linalandira ufulu mu 1964, a Zambia omaliza maphunziro a pa yunivesite anali pafupifupi 100 cabe. Pulezidenti Kenneth Kaunda atalengeza ku Mulungushi mu Epulo 1968 kuti Boma litenga magawo 51 pa 100 m'makampani ena akuluakulu, ndiponso ku Matero mu Ogasiti 1969 kuti licita cimodzimodzi ndi migodi, panafunika mwamsanga eni dziko oyendetsa mafakitale. Nthawi yomweyo, potsatira lipoti la a Saunders a ku Canada la mu 1967, maphunziro aumisiri anasamutsidwira kwambiri m'masukulu a nchito za manja, kumene wophunzira amakhala m'kalasi asanayambe nchito. Masukuluwo anathandiza, koma malo ace anali ocepa, ndipo ana ambiri a m'makomboni anapitirizabe kuphunzira pambali pa mmisiri.

Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lopanga bungwe la TEVETA, limene limayang'anira maphunziro aumisiri ndi a malonda. Bungweli limapereka mayeso a Trade Test, ndipo munthu amene anaphunzira nchito kunja kwa sukulu angayesedwe nalandira setifiketi. Kuyambira mu Januwale 2017 olemba anthu nchito anayamba kupereka msonkho wa Skills Development Levy, womwe unaikidwa pa 0.5 peresenti ya malipiro onse a anchito ao, kuti uthandize maphunzirowa. Setifiketi yotere imatsegula khomo la nchito m'makampani omanga. Komabe kuwocherera bwino ndi kwina, kusunga buku la ndalama ndi kwina.

Caka ca 2024 cinaonetsa poyera kusiyana kumeneku. Cilala citacepetsa madzi m'damu la Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo makina owocherera sagwira nchito popanda magetsi. Mmisiri wodziwa kukonza nchito anali kupima ndi kudula zitsulo masana, kuti magetsi akabwera, ngakhale pakati pa usiku, angowocherera. Wogwiritsa nchito jeneleta anafunika kudziwa mtengo wa mafuta pa geti lililonse, apo ai anali kugwira nchito yaulere osazindikira. Wolonjeza wogula tsiku anafunika kuwerengera maola amene magetsi adzakhalapo.

Mmisiri wofuna kusula woyang'anira nchito safunikira kalasi. Angathe kutuma wophunzira wace kukagula zitsulo ndi kubweretsa malisiti, kumlola kulemba mtengo wa geti limodzi iye nauwongolera, ndi kumsiyira malo tsiku lathunthu pamodzi ndi buku la maoda. Makolo nawonso, potula mwana kwa mmisiri, ali ndi ufulu wofunsa kuti adzakhalapo zaka zingati, adzaphunzira ciani, ndiponso ngati adzaloledwa kukayesedwa ku TEVETA nthawi ikakwana.