Cikasu sicifanana: funsani mtundu musanabzale

TIKAONA ufa wa cikasu m'masitolo a ku Kamwala mu Lusaka kapena pa msika wa Kapata ku Chipata, ambiri a ife timaganiza kuti cikasu conse ndi cimodzi. Koma ku India, dziko limene limalima cikasu coculuka kupambana maiko ena onse, alimi adziwa kuti mbeu iyi ili ndi mitundu yambirimbiri, ndipo mtengo wake umayenda ndi mtundu. Popeza ena pakati pathu ayamba kucibzala m'madimba kuti apezeko ndalama, ndi bwino timve zimene anzathu aja anaphunzira.

Pali zinthu zitatu zimene amayesa nazo cikasu.

Coyamba ndi zokolola. Mlimi wamba ku India amakumba matani 20 kufika 25 a cikasu caciwisi pa hekitala imodzi. Koma mtundu wochedwa Prathibha, umene bungwe la Indian Institute of Spices Research la ku Kozhikode m'cigawo ca Kerala linatulutsa mu 1996, umatha kupatsa matani pafupifupi 39 ukasamalidwa bwino. Nthawi yokhwimira nayonso imasiyana. Mitundu yambiri imakhala m'nthaka miyezi 7 kufika 9, pamene wina wochedwa Pragati umakhwima pa miyezi 6 cabe.

Caciwiri ndi kulemera kwake cikauma. Cikasu amayamba aciphika, kenaka n'kuciyanika padzuwa masiku 10 kufika 15. Pa makilo 100 a caciwisi, mtundu wabwino umatsala makilo ngati 20, koma mitundu ya madzi ambiri siifikako. Apa ndi pamene mlimi amanyengeka: ngolo yadzaza pa tsiku lokumba, koma pogulitsa matumba ndi owerengeka.

Cacitatu ndi curcumin, cinthu cimene cimapatsa cikasu maonekedwe ake. Ogula akuluakulu, makamaka opanga utoto wa zakudya ndi mankhwala, amalipira molingana ndi kuculuka kwake. Cikasu cimene amalonda amacicha Madras cimakhala ndi magawo 2 kapena 3 pa 100 alionse, ca Alleppey magawo 5 kapena kupitirirapo, pamene ca Lakadong, colimidwa m'mapiri a Jaintia ku Meghalaya, cimafika magawo 7 ngakhale kuposa. Lakadong sabereka kwambiri ngati Prathibha, koma alimi ake amagulitsa kilo imodzi pa mtengo wokwera. Tidziwenso kuti nthaka ndi nyengo zimasintha curcumin, cotero mtundu wochuka kwao ungathe kutsika ukaubzala kwina.

Nanga mitundu yonseyi inasungika bwanji? Cikasu cimacita maluwa, koma kawirikawiri sicibereka njere zomera. Timabzala zidutswa za mizu yake, monga momwe timabzalira mitengo ya cinangwa, ndipo mwana amatenga zonse za kholo, zabwino ndi zoipa zomwe. Ukabzala mtundu wosabereka, udzakolola womwewo caka ndi caka, fetereza sangausandutse wina. Ndiponso mudzi wonse ukadalira mtundu umodzi, matenda oola mizu akabwera angathe kupsereza minda yonse pamodzi. Ndico cifukwa cace akatswiri a ku Kozhikode amasunga mitundu yoposa 1,000 yotoledwa kwa alimi, pakuti mtundu ukatayika kulibe nkhokwe ya njere kumene angakautengenso.

Phunziro kwa ife ndi ili. Cikasu cimene timagula pa msika kuti tikabzale cilibe dzina, ndipo sitidziwa kumene cinacokera. Makolo anati safunsa anadya phula. Tisanathire ndalama pa munda waukulu, titenge mbeu kwa anthu awiri kapena atatu osiyana, tibzale uliwonse pa mizere yake, tilembe tsiku lobzala ndi lokumba. Tipime pa sikelo cikali caciwisi, tipimenso cikauma, ndipo tithyole muzu tione ngati mkati ndi mofiirira kwambiri kapena motuwa. Tifunsenso wogula mtundu umene afuna tisanalime.

Ndipo amene ali ndi cikasu cakale kuseri kwa nyumba, cimene agogo anasiya, asacizule cifukwa ca mbeu yatsopano. Cinazolowera kale nthaka ndi mvula ya kuno. Ciikeni pa mzere wake, cipimidwe pamodzi ndi zinzake.