Dimba la m'Botolo ndi Adani Ake

Lero tikambe za dimba lachilendo, losalimidwa ndi khasu, pakuti lili m'botolo.

Thupi la munthu linamangidwa ndi tinthu tating'ono totchedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. M'chaka cha 1907 Ross Harrison wa ku America anasunga kachidutswa ka mluza wa chule kali moyo kunja kwa thupi, nakaona kakukula. Mu 1949 John Enders ndi anzake awiri ku Boston anameretsa kachirombo ka poliyo m'maselo oleredwa motere, ndipo ntchito yao inatsegula njira ya katemera wa nthendayo. Tero muone kuti dimba limeneli likhudza ana athu.

Koma dimba lililonse lili ndi udzu wake. Maselo aleredwa m'madzi okhala ndi shuga, mchere ndi zakudya zina, pa kutentha kwa thupi la munthu, madigiri 37. Zokomera maselo zikomeranso mabakiteriya ndi nkhungu. Selo la munthu ligawanika pawiri kamodzi pa tsiku, chapafupi, koma mabakiteriya ena agawanika pa mphindi 20 zokha. Akalowa madzulo, m'mawa mupeza madzi achita mbuu, ofiira aja asanduka achikasu, ntchito ya miyezi yatha.

Nanga adaniwa alowa bwanji? Kawirikawiri abwera ndi wantchito mwini: pa zala, m'mpweya wa m'kamwa, pa fumbi la malaya. Chifukwa chake malamulo ake ali otere. Zipangizo zoti nkuphikidwa ziphikidwa m'nthunzi ya madigiri 121 kwa mphindi 15. Madzi amene moto ungawaononge asefedwa pa sefa ya timaboo tosaoneka ndi maso. Wantchito asamba m'manja, navala magolovesi, napukuta tebulo ndi spiriti wa magawo 70 pa 100. Botolo atsegulira m'kabati youzira mpweya wosefedwa, osalankhula kapena kudutsitsa dzanja pamwamba pake, natseka msanga.

Wina afunsa: bwanji osangothiramo penisilini? Ambiri athiramo ndithu, koma mverani. Mu 1956 kunadziwika kuti m'mabotolo otere mubisala kachirombo kena kotchedwa mycoplasma. Penisilini apha bakiteriya poononga khungu lake lolimba lakunja. Mycoplasma alibe khungu lotere, tero mankhwalawo samkhudza. Ali wamng'ono ndi wofewa, apyola ngakhale pa sefa, ndipo sadetsa madzi. Mitundu yake ina ikhala m'kamwa mwa anthu. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma: madzi aoneka oyera, koma maselo alikudwala, ndipo zonse zimene wofufuza ayesa pa maselo odwala zimsokeretsa. Mankhwala othiridwa tsiku ndi tsiku abisanso uve wa wantchito, osauchotsa.

Motero anzeru ayesa maselo ao kawirikawiri ndi njira yotchedwa PCR, imene ipeza mycoplasma ngakhale ali wochepa. Maselo ochokera kwina awaika paokha kufikira atayesedwa. Ena awasunga m'chisanu choopsa cha nayitrojeni, monga mlimi asunga mbeu, kuti botolo loonongeka aliphe ndi nthunzi, alitaye, nayambenso.

Inu anyamata ndi atsikana ofuna ntchito ya m'labotale, kumbukirani kuti chida choyamba ndicho manja oyera ndi pakamwa potseka. Tsalani bwino.